Kadzira ka Tomiko pa Guwa la Makolo

Tomiko anatengwa kupita ku banja la a Osanai, m'munsi mwa phiri la Iwaki, ali mtsikana wa mafupa olimba. Amene anamupezera banjalo anauza akuchimuna zinthu ziwiri zokha: kuti mtsikanayo sadwaladwala, ndiponso sayankha akulu. Zonse ziwiri zinali zoona.

Kwawo kunali kunyanja, kwa asodzi. Za maapozi sankazidziwa, koma chaka chisanathe manja ake anali ataphunzira zonse: kupatulira tizipatso tikadali ngati mtedza, kuveka chipatso chilichonse kathumba kapepala, kudzachivulanso, kuthothola masamba otchinga dzuwa, ndi kuchitembenuza panthambi pomwepo kuti chifiire mbali zonse.

Mwamuna wake, Shigeo, anali mwana woyamba pakhomopo. Sanali womenya mkazi. Anali munthu woti ukamufunsa kanthu amayang'ana kumwamba ngati akuopa matalala. Poitana mkazi wake ankangoti "iwe". Mwini nyumba weniweni anali mayi ake, a Kinu. Tomiko ankadzuka woyamba, kudya womaliza, ndi kusamba womaliza m'madzi amene banja lonse lasambamo, atayamba kale kuzizira. Apongozi akewo ankawaitana kuti Amayi. Mawu amenewa ankatuluka pakamwa pake kuyambira m'mawa mpaka madzulo: inde Amayi, ndamva Amayi, pepani Amayi. Iyeyo palibe amene anamuitanapo choncho.

Pakati anatengapo kamodzi kokha. Inali nyengo yopatulira zipatso, ndipo a Kinu anati mimba si matenda, iwo anabereka Shigeo atangotsika pamakwerero. Tomiko anakwera. Tsiku lina anatsika zovala zitanyowa magazi, mimba n'kupita padera. Akazi ena zikawachitikira zotere amakaimika kafano kamwala kukachisi n'kukasokera kansalu kofiira ka pakhosi. A Kinu anakana, ati za m'nyumba sakaziimika panjira. Kuyambira pamenepo, alendo akabwera, ankaloza mtengwa wawoyo ndi chibwano.

"Kumunda kwathu mtengo wosabala sitiusunga. Uwu tangousiya poti umanyamula mabokosi."

Alendo ankaseka chifukwa a Kinu anali aakulu. Tomiko ankamwetulira uku akuthira tiyi.

Tomiko atayamba kumera imvi, apongozi ake aamuna, a Bunzo, anamwalira. Pasanapite nthawi mlongo wa Shigeo, Michiyo, anabwerera pakhomo ukwati utatha ku Tokyo, ali ndi mwana wamkazi wapulayimale dzina lake Ayaka. Michiyo kumunda sankapondako. Anapeza ntchito m'tauni, pasitolo ya zodzoladzola. A Kinu sanachedwe kuona njira: nyumba ndi munda zimafuna wolowa m'malo, choncho Ayaka adzalembedwe kuboma ngati mwana wa Shigeo, dzina la Osanai lisafe. Akalembedwa motero, mkazi wa Shigeo ndiye amakhala mayi. Tomiko anazimvera kukhitchini. Anatsuka mbale imodzi yomweyo mpaka madzi anazizira.

Chaka chimenecho ndi chimene kunabwera timazira. Mwana aliyense ankafuna kake: kanthu kapulasitiki kokwana m'chikhato, kokhala ndi kagalasi ndi mabatani atatu. M'kagalasimo munkaswa kanyama ka timadontho takuda. Kakamva njala kankalira, kakadwala kankalira, ukakasiya kankafa. Aphunzitsi analetsa timazirati kusukulu, ndiye ka Ayaka kankangofa kali kokha m'chipinda. Mayi ake anakana kupita nako kuntchito. M'mawa wina mwanayo analowa kukhitchini atabereka kale chikwama.

"Azakhali, tambasulani dzanja. Ayi, pukutani kaye, likununkha nsomba. Eya. Ukadina apa ndi chakudya. Kakadwala pabwera chigaza pakona apa, mukabaye jakisoni. Kakanyera mutsuke ndi ili."

"Kamanyera?"

"Kwambiri! Kuposa agogo."

"Shh, iwe!"

"Tamverani. Akuti ukakasamala bwinobwino, osagona ndi njala ngakhale kamodzi, kakakalamba kamamera nyanga. M'kalasi mwathu palibe amene kake kanamera. Mukandikulitsira mpaka nyanga, ndidzakupatsani mphatso." Anawerama kumanga nsapato, n'kudzuka akuseka. "Ndidzakuitanani Amayi. Pamaso pa agogo. Amayi anga akuti ndi zimene mukudikira."

Mwanayo ananena ngati mmene munthu amalonjezera galu fupa. Tomiko, mkazi wa imvi zake, anazilandira ngati lumbiro.

Inali nyengo yotembenuza maapozi. Anasoka kathumba ka nsalu yofiira, n'kuikamo kadzirako, n'kukakoleka m'khosi mkati mwa malaya. Kakalira ali pamwamba pa makwerero, ankakola mwendo pa mtanda, kuvula golovesi ndi mano, n'kudina ndi chala chosweka ndi ntchito. Poyamba ankalakwitsa, kubaya jakisoni pamene kakufuna mpunga. Kenako anadziwa kulira kwake. Ankatha kusiyanitsa kwa njala ndi kwa matama, ndipo ka matamako ankakadzudzula pang'ono, mtima ukumupweteka.

Amayi aganyu m'mundamo anapeza nkhani.

"Mwamva? Tomiko wachira! Mwana wamwamuna kapena wamkazi?"

"Dzira, mayi. Tifunse tambala wa m'mudzi muno, aulule."

"Koma wafanana ndi a Shigeo. Taonani, nayenso sayankhula, amangotsegula pakamwa."

Tomiko ankaseka nawo. Kunali koyamba kusekedwa chifukwa cha chinthu chimene ali nacho. Zaka zonse ankasekedwa chifukwa cha chimene alibe.

Kanyamako kanakula. Kanasintha thupi, kanamera timiyendo, kanaphunzira kudumpha akakasambitsa. Ka Ayaka sikanafikepo msinkhu umenewo. Koma kukalamba kwake kunabwera ndi mavuto. Njala inkabwera pafupipafupi, ndipo kakangokhala pang'ono ndi uve chigaza chija chinkaonekera. Ayaka akaweruka ankangofunsa ali pakhomo.

"Nyanga?"

"Sizinabwere. Koma taona mmene kanenepera."

"Kunenepa ndi chiyani? Mnzanga akuti zatsala pang'ono, mawa kapena mkuja. Musakaphe."

Mawa lakelo linali tsiku la mwambo wokumbukira a Bunzo.

Pa tsiku lotere mtengwa wa mwana woyamba sakhala pansi. Tomiko anaphika, anakonza mapilo ogwadira, anapukuta guwa la makolo la m'nyumbamo, n'kuikapo mpunga, tiyi ndi maapozi ofiira kuposa onse m'munda. Atavala chovala chakuda cha maliro, anaona kuti chingwe chofiira chioneka pakhosi. Anakavula kadzirako n'kukalowetsa mkati mwa lamba wamkulu wa m'chiuno, pamimba penipeni. Anakadyetsa kaye mpaka kukhuta, n'kuganiza kuti kapirira mpaka wansembe atamaliza.

Abale anadzaza chipinda, onse atagwada pamphasa. Wansembe anayamba mapemphero ake aatali aja, akugogoda kang'oma kamtengo. Tomiko anagwada kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Pakati pa mapempherowo, wansembe atangopuma kuti akoke mpweya, kanamveka.

Pii, pii. Pii, pii.

Ana anaphimba pakamwa. Wansembe anapitiriza ngati sanamve. A Kinu sanacheuke, koma khosi lawo linauma ngati mtengo. Tomiko anapsinja lamba ndi manja onse awiri, ndipo kulirako kunangotulukira pakati pa zala.

A Kinu anadikira. Mapemphero anatha, timatebulo ta chakudya tinaikidwa, mowa wampunga unayamba kuyenda. Aliyense atakhala pamalo pake, wansembe ali kumtunda, anaitana ndi mawu ofewa.

"Mtengwa, tabwera kuno. Tulutsa chimene chimalira m'mimba mwakomo."

"Pepani, Amayi. Ndi choseweretsa cha mwana."

"Tulutsa."

Tomiko anagwada, n'kupereka kathumbako ndi manja awiri. A Kinu anakakweza m'mwamba kuti onse aone nsalu yofiirayo, ndipo akazi achikulire anaizindikira kuti ndi yonga ya tifano ta ana opita padera.

"Taonani, anthu inu. Zaka zonsezi takhala tikudikira kuti m'mimba mwa mtengwa wathu mulire kanthu. Lero mwalira. Nanga tingamubise kwa agogo ake?"

Anakwawa ndi mawondo mpaka paguwa. Anasolola kadzirako m'kathumba, n'kukaika pakati pa mpunga ndi maapozi, kagalasi kakuyang'ana kwa anthu. Anayatsa lubani, anagunda kabelu, n'kuphatikiza manja.

"Bambo ake a Shigeo, nayu mdzukulu wanu amene mtengwa wakuberekerani. Pepani kuti wachedwa. Khalani naye, mucheze."

Chipinda chonse chinaphulika kuseka. Woseka kwambiri anali a Tokuji, mng'ono wa malemu, munthu woti akalawa mowa pakamwa sipatsekeka.

Choikidwa paguwa ndi cha wakufa. Palibe dzanja limene limachichotsa lubani akufuka ndiponso alendo asanapite. Ngakhale mwana wokwawa amamenyedwa padzanja akafikira chipatso cha pamenepo. Tomiko ankadziwa zimenezi kuposa onse, chifukwa m'mawa uliwonse wa moyo wake wa pakhomopo ndi iye amene ankagwada pamenepo ndi mpunga woyamba. A Kinu nawonso ankadziwa kuti akudziwa. Lubani akatsala pang'ono kutha, ankakodola mlendo wina kuti akayatse wake.

Njira ya kukhitchini inkadutsa pafupi ndi guwalo. Tomiko ankapita ndi mabotolo opanda kanthu, n'kubwera ndi otentha, ndipo ulendo uliwonse ankaponya diso. Kanyamako kanalira kulira kwa njala. Patapita nthawi kanaliranso.

"Mwana akulira, mayi ake ali kalikiliki ndi mowa," anatero a Tokuji. "Mtengwa, tamuyamwitsa, tisagonthe m'makutu!"

"Amuyamwitsa ndi chiyani, bambo aang'ono?" anayankha Michiyo. "Mabere anauma kalekale ngati maapozi oiwalika panthambi."

"Shigeo, mwana wako uyu! Sukumunyamula?"

Tomiko anayang'ana mwamuna wake. Shigeo anayang'ana kudenga.

M'kanjira ka kukhitchini anakumana ndi Ayaka akutafuna kamkate ka nyemba zotsekemera. Anaika thireyi pansi, n'kugwada kuti afanane naye msinkhu.

"Mwanawe, iwe ndiwe mdzukulu, agogo sangakukalipire. Pita ngati ukukayatsa lubani, udineko kamodzi kokha. Chakudya chokha basi."

"Ee, za paguwa sakhudza, Azakhali. Si inu nomwe munandiphunzitsa?"

"Kafa, mwanawe. Nyanga zija..."

"Ndiye mukanakasamala." Anathamangira kwa anzake.

Masana atapendeka, a Kinu anamutuma kuti akasinthe tiyi wa paguwa, ati wa malemu wazizira. Anachitira dala. Tomiko anagwada pamenepo ndi kapu m'manja. Kadzirako kanali pafupi ndi chala chake, pafupi moti mpweya wake unkachita nthunzi pakagalasi. Anaona uve utaunjikana mbali imodzi, chigaza chili pakona, kanyamako katatembenukira kumbali osadumphanso. Batani la jakisoni ankalidziwa ngakhale atatsinzina. Pamwamba pake chithunzi cha a Bunzo chinkamuyang'ana.

Kunena zoona, palibe anamugwira dzanja. Akanadina, denga silikanagwa. Koma munthu amene wagwada zaka zonse za ukulu wake, mawondo ndi amene amamuganizira. Anaika tiyi, anagunda kabelu, anawerama, n'kubwerera kukhitchini.

Kanyamako kanafa alendo akudya zipatso. Sikanalire ngati kale. Kanatulutsa kamawu kamodzi kotalika, kokhala ngati kakuchepa, kenako chete. Tomiko anali ataimirira pakhomo ndi mbale ya maapozi osenda.

A Tokuji ndi amene anaswa chetelo.

"Ansembe, musavule mkanjo. Maliro ena awa!"

Ngakhale wansembe anaseka, atabisa pakamwa ndi mkono wa chovala. Tomiko anazungulira chipinda chonse ndi mbale ija, ndipo aliyense anatengapo.

Alendo atapita, lubani atazima, Ayaka anakatenga kadzirako paguwa n'kubwera nako kukhitchini. Pakagalasi panali kamwala ka pamanda. Mwanayo anatola kamtengo kotokosera mano, anatembenuza kadzirako, n'kubaya kabowo ka kumbuyo. Kanalira kamodzi. Manda aja anafufutika, pakagalasi n'kubwera dzira latsopano likugwedezeka.

"Mwaona? Kena aka. Mukulira chiyani?"

"Si komwe kaja."

"N'chimodzimodzi. Komanso mukanangokaimitsa m'mawa. Ukalowa pokonzera wotchi n'kukasiya pomwepo, nthawi imaima. Sikamva njala, sikalira, ngakhale tsiku lonse. Aliyense amadziwa."

Tomiko anasiya kutsuka.

"Sunandiuze."

"Simunafunse." Anaponya kadzirako pa thireyi yonyowa. "Tengani, Azakhali. Anzanga onse anatopa nato."

Dzira latsopanolo Tomiko sanalidyetse. Linaswa, linalira, n'kufa lokha m'kabati. Za nyangazo, m'mudzi monsemo palibe mwana amene anaziona pa kake kapena pa ka mnzake.

Chipale chofewa cha nyengo yozizira chitasungunuka, Ayaka analembedwa kuboma ngati mwana wa Shigeo ndi Tomiko. Pakamwa pake sipanasinthe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, amatero akulu, koma amene ananena mawuwa sanakhalepo mtengwa kwa a Osanai.

Atafika kusekondale, Ayaka anali ndi kamakina kena ka m'manja, ka masewero a nkhondo, momwe umayendetsa asilikali mmodzimmodzi pabwalo ngati nsolo, ndipo msilikali akafa sabweranso. Asilikaliwo ankawapatsa mayina a anthu a pakhomo. Tsiku lina Tomiko akupukuta pansi pakhonde anamva dzina lake, n'kuimitsa dzanja. Ayaka ankafotokozera mnzake.

"Uyu ndi Tomiko. Sadziwa kumenya, koma amapirira. Ndimamuimika pamlatho adani azimusinja, enawa akuzungulira kumbuyo. Aa, wafa. Palibe kanthu, tawoloka kale."

Tomiko anafinya nsanza n'kupitiriza.

A Kinu anakhala ndi moyo nthawi yaitali, ndipo mutu ndi umene unayamba kufa. Michiyo anali atakwatiwanso kutali, Ayaka ali kukoleji. Wowadyetsa, wowatembenuza ndi wowatsuka anali Tomiko. Ankadziwa kulira kwawo kwa njala ndi kwa matama. M'mawa wina akuwapukuta atadziipitsira, gogoyo anamugwira mkono ndi zala zoonda, n'kumuyang'ana ndi maso a mwana.

"Amayi," anatero. "Amayi, musandimenye."

Tomiko anaima ndi nsalu m'manja. Mawu amene anawadikira moyo wake wonse anatuluka pakamwa pamenepo, m'chipinda chonunkha, kuchokera kwa munthu amene sankadziwanso amene akumuitana. Anamaliza kupukuta, anawaveka zoyera, n'kupita kukachapa. Kuitanidwa Amayi kwa Tomiko kunali komweko, koyamba ndi komaliza.

Tomiko anamwalira patangopita zaka zochepa a Kinu atapita, mtima utaima ali pansi pa makwerero. Mmodzi wa amayi aganyu aja anakumbukira zimene Tomiko anamupempha kale, zoti kadzira kaja adzapite nako, ndipo anakafufuza m'kabati mwake. Anapeza kathumba kofiira, kadzira kali momwemo, kagalasi katachita mbuu. Anakaika m'bokosi, pamimba pa malemu, pansi pa maluwa.

Bambo wokonza maliro anakaona asanatseke bokosilo. Anawerama mwaulemu kwa Ayaka, amene tsopano anali mwini nyumba ndi munda, atasiyiridwa ndi Shigeo.

"Pepani kwambiri, mayi. Pulasitiki ndi mabatire siziloledwa m'ng'anjo yotenthera mitembo. Zimaphulika, komanso zimadetsa mafupa. Nsalu yokhayi ikhoza kupita."

Ayaka anasolola kadzirako, n'kukatembenuza m'manja.

"Haa, aka kadakalipo? Azakhali ankasunga zinthu zachabechabe."

Anabweza kathumba kopanda kanthu m'bokosi. Kadzirako anakaika m'thumba la chovala chake, ndipo atafika kunyumba anachotsa batire, n'kukaponya m'jumbo la zinyalala zosapsa, poti galimoto yotolera zinyalalazo inali kubwera Lachinayi.